Matayala Opaka Polishi

Mpeni utangong'amba chipepala chakuda cha pulasitiki chija, khamu lonse linakankhana kuti lione. Mayi Landilodi, omwe anabwera ndi mpando wawo kuchokera kunyumba, anauiwala mpandowo n'kudzipanikiza kutsogolo ndi zigongono.

Ndani akanawadzudzula? Kwa milungu yambirimbiri msewu wonse unkadzuka ndi kugona ndi nkhani ya matayala a aSimbi. ASimbi, bambo wa ana amapasa, anali woyendetsa takisi amene ankachita lendi nyumba ya kumbuyo kwa mayiwa, ndipo dzinalo anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha buluku lawo, lomwe linkasitidwa mpaka mzere wake kuoneka ngati ungakucheke chala. Matayala a m'masitolo apafupi anawanyoza kuti ndi a anthu osayenda. Iwo anaitanitsa awo pa intaneti, kusitolo ya kutsidya kwa nyanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense wokwera takisi yawo ankaonetsedwa kadontho pa foni.

"Iyi ndi sitima," ankatero. "Matayala anga ali m'menemu."

Kadonthoko kakaima padoko, msewu wonse unkadandaula. Kakasuntha, wometa tsitsi ankauza wogulitsa makala, wogulitsa makala n'kuuza a ku golosale. Tsopano Lachisanu m'mawa umenewu katundu anali atafika, ndipo wogwira mpeni anali Chigamba, mlamu wawo wa aSimbi, mwini kagalaja kokonza matayala ka pakona.

Tayala loyamba linatuluka likunyezimira, lakuda bii. Anthu anawomba m'manja. Wina anaimba likhweru. Koma Chigamba sanaseke. Anayendetsa chala chachikulu pamwamba pa tayalalo, pamalo poyenera kukhala mizere yakuya, n'kupeza posalala ngati dazi. Atayang'ana chalacho, chinali chakuda.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "awa si atsopano. Ndi akale, angowapaka polishi wa nsapato."

"Andibera!" aSimbi anakuwa, manja ali kumutu. "Akuba a pa intaneti andibera! Taonani anthuni!"

Mayi Landilodi anawacheukira. Bamboyo anali chiimire patali, pamalo popanda fumbi, ndipo tayalalo anali asanaliyandikire n'komwe. Chimenecho anachisunga mumtima.

Pamenepo dalaivala wina wa minibasi, munthu wokonda kusuzumira zinthu, analowetsa mutu m'kati mwa tayala lija. Anautulutsa maso ali tong'o.

"Akunja ati? Muli kamtanda kachikasu umu!"

Dalaivala aliyense wa mumsewuwo ankakadziwa kamtandako. Chigamba akamata tayala, ankalemba kamtanda ka penti wachikasu pambali pa chigambacho, m'kati, kuti wina asadzabwere ndi ntchito yoipa ya kwina n'kumunamizira kuti ndi yake. Anasuzumira m'tayala lachiwiri: kamtanda. Lachitatu: timitanda tiwiri.

Wapolisi wolondera mumsewumo anafika phokoso litakula kale. Anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, ngati mawu ake ndi ogula.

"Phukusili linagona kuti?" anafunsa.

Onse anayang'ana aSimbi. ASimbi analoza Chigamba.

"Kwa alamu angawa. Ndinawasungitsa dzulo madzulo."

"Kiyi wa galaja amasunga ndani?"

"Ine ndekha," anayankha Chigamba. "Chizindikirocho n'changa, sindikana. Koma phukusili sindinalitsegule."

Unyolo unalira m'manja mwake.

* * *

Mayi Landilodi anamuthamangira wapolisiyo mpaka pa mlatho wa ngalande, masilipasi akuwomba pansi. Mayiwa anamudziwa Chigamba kuyambira pamene anabwera kudzapempha kamalo ka pakona ali ndi pampu ya manja yokha. Anamuonapo akuthamangira galimoto mtunda wautali kukabweza foni imene munthu anaiwala pabenchi. Munthu wotero kusinthanitsa matayala a mwamuna wa mlongo wake? Mtima wawo unakanitsitsa.

"Bwana, mwanayu si wakuba."

"Mayi, ine ndaona kamtanda, ndamva za kiyi. Lamulo silimvera maonekedwe a nkhope."

"Mundipatse kanthawi."

Wapolisiyo anapuma mozama. "Bwana wamkulu ali kumsonkhano, abwera dzuwa likapendeka. Akangosaina pepala, munthuyu agona m'chitolokosi mpaka Lolemba, kuchoka apo ndi kukhoti. Ngati muli ndi kanthu, mubwere nako asanafike. Tayala limodzi ndatenga. Otsalawo musunge inu, poti malo ndi anu."

Tinene zoona. Mayiwa anali ndi chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho mtima unkavina. Anthu ena Loweruka amapita ku mpira. Mayi Landilodi, chimwalirire amuna awo, chisangalalo chawo chinali kukakhala pabenchi la kumbuyo kukhoti, kumvetsera milandu ya eni ake n'kumaweruza chamumtima woweruza asanatsegule pakamwa. Lero mlandu unawatsata okha mpaka pakhomo. Anachita nazo manyazi pang'ono, kenako anapinda manja a bulauzi.

Pobwerera anapeza dalaivala wa minibasi uja akugubuduza tayala lake kulichotsa m'galaja, lisanamatidwe n'komwe.

"Mukupita nalo kuti?"

"Kwina, mayi. Ndisiye tayala kwa munthu wotere, mawa ndidzapeze la wilibala?"

Anzake awiri anaseka, nawonso akunyamula awo. Apa mayiwo anaona kuti chitolokosi n'chaching'ono. Dzina la Chigamba likapanda kuyera lero lomwe, Lolemba adzatsegula galaja yopanda munthu.

Anakokera matayala atatu aja poyera n'kuwagadabuza limodzilimodzi. Wopaka polishi anali wachangu koma waulesi: anapaka mbali imodzi yokha. Mbali inayo inali yotuwa, ndipo panali mizere yofiira ya dzimbiri, yowongoka, yotalikirana mofanana ngati ya m'kope la mwana wa sukulu. Onse atatu anali nayo. Anapisa dzanja m'kati n'kutulutsamo masamba ouma ndi kangaude wakufa.

Anasuzumira m'galaja. Matayala akale a Chigamba anali muluwo pakona, pasimenti, pansi pa denga. Simenti ilibe dzimbiri, ndipo m'galajamo simugwa masamba.

"Inu mwachokera kwina," anawauza matayalawo. "Koma kuti?"

* * *

Mayi Landilodi anawapeza aSimbi atakhala m'takisi yawo, chitseko chili chotsegula, akudzipepesa okha ndi kansalu kopukutira thukuta.

"Bambo a mapasa, tandiuzani za dzulo."

"Mayi, ndili pa chisoni chachikulu. Munthu ukafuna kutukula dera, zotsatira zake ndi izi."

"Katundu anafika nthawi yanji?"

"Masana. Inu munali mutapita kuchipatala kukaona odwala, mayi a mapasa anali kokatenga ana kusukulu. Ndinalandira ndekha, mwaulemu wake, n'kusaina."

"Munatsegula?"

"Ayi! Ndikanatsegula bwanji ndekha chinthu chimene anthu onse akhala akuchidikira? Madzulo ndinangolikweza m'galimoto n'kupita nalo kwa alamu."

"Linali lolemera?"

"Mwala weniweni. Potsitsa tinachita kugwirizana awiri, mpaka msanawu ukundipweteka."

"Nanga mlamu wanu mukuti anabadi?"

ASimbi anapukuta chiwongolero chomwe chinali choyera kale. "Ine sindinanene kuti anaba. Ndangoyankha zimene boma landifunsa."

"Koma simunanenenso kuti sanabe."

Bamboyo anapitiriza kupukuta chiwongolero. Kumsewu kunamveka hutala, ndipo mayi Landilodi atacheuka anaona kavani koyera ka kampani yotumiza katundu kakukhota pa famase. Anawasiya aSimbi ali kukamwa yasa, n'kukaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba.

* * *

Kavaniko kanaima mabuleki akulira. Munatuluka kamunthu kowonda, ka miyendo ngati bango, kapu itatembenuzidwa.

"Mami, mukufuna kundiphetsa? Ndili pa ntchito ine, ndachedwa, katundu ndi wambiri, bwana akundiimbira!"

"Dzulo unabweretsa matayala kwa bambo wa takisi?"

"Eya, madala a buluku loyera aja. Anasaina, ndinajambula, nkhani inatha. Ngati pali vuto imbani ku ofesi, ine sindiyankha za m'kati mwa phukusi."

"Bwera udzaone."

Anamukoka dzanja mpaka pagalaja. Munthuyo anatola chipepala chakuda chija, n'kuchitembenuza uku ndi uku, mphuno atakwinya.

"Kapepala ka adiresi aka n'kathu. Koma kadulidwa penapake n'kumatidwa apa, onani m'mbalimu. Tepi wa khaki uyu si wathu, wathu ndi woyera, wolembedwa dzina la kampani. Ndipo chipepala chonsechi n'chachikulu kwambiri. Langa linali kaphukusi."

"Kaphukusi? Anakuthandiza ndani kutsitsa?"

Munthuyo anaseka. "Kundithandiza? Mami, ndinanyamula ndekha! Awiri dzanja ili, awiri dzanja linali, foni ili pakhutu. Ndinawafunsanso madala aja kuti kodi mwagula njinga yamoto?"

Mayi Landilodi anayang'ana timanja ta munthuyo, kenako anayang'ana chitayala chimene iwo, ndi thupi lawo lonse, anachita kubuula pochigadabuza.

"Iwo anati chiyani?"

"Sanayankhe. Anang'amba kakona, n'kusuzumira, nkhope n'kugwa. Basi ine ndinanyamuka. Ndingapite?"

Anamulembetsa nambala yake ya foni pa chipepala chomwecho n'kumumasula. Phukusi limene linafika masana linali lopepuka. Limene linapita kwa Chigamba madzulo linali lolemera. Ndiye kuti matayala anasinthidwa Chigamba asanawaone n'komwe, ndipo anasinthidwira m'mpanda mwawo mwenimweni.

* * *

Mayi a mapasa anali kuseri kwa nyumba, atakhala pa ndowa yovundikira, maso ali otupa. Anali pakati pa moto mbali ziwiri: womangidwa ndi mchimwene wake, womangitsa ndi mwamuna wake.

"Mwanawe, pukuta misozi, kulira tilira madzulo. Dzulo unabwerako nthawi yanji kusukulu?"

"Mochedwa, amayi. Ndili m'njira bambo a mapasa anandiimbira kuti ndipite nawo ana kokameta, ndisafulumire. Chonsecho ndinawameta sabata yatha yomweyi."

"Utafika unapeza chiyani?"

"Anali atapita kale kwa achimwene ndi katundu. Koma..." Anazengereza, akupotokola nsonga ya siketi.

"Nena. Mawu ako akhoza kumutulutsa mchimwene wako lero."

"Ndinapeza buluku lawo loyera lili m'beseni, alinyika okha. Amayi, chikwatirane sindinawaonepo atagwira beseni. Nditalitukula, m'maondo monse munali mofiira, ngati anakwawa pa chitsulo chakale. Ndiye m'mawa uno ndimati ndipukute nsapato za ana, chitini cha polishi chomwe ndinagula Lamulungu lapitali chili mbee. Ana apita kusukulu ndi nsapato zotuwa."

Mayi Landilodi anakhala pa sitepe. Wopaka polishi anali atamudziwa. Chimene chinkawazunguza mutu chinali chifukwa chake. Munthu angabe bwanji matayala ake omwe?

"Tsiku loitanitsa lija unalipo?"

"Ndine ndinagwira foni. Pamafunika kulemba manambala a kukula kwa tayala, aja amalembedwa m'mbali. Ndinawauza kuti tifunse achimwene, iwo anati za pa intaneti si za anthu a m'galaja. Kunali kutagwa mvula, pabwalo pali matope. Anazungulira galimoto, akuwerama pang'ono, manambala osaoneka chifukwa cha dothi. Kuti agwade anakana. Basi anatsegula buti, n'kutukula kapeti, n'kundiwerengera manambala a tayala la sipeya, loyera bwino lija. Anati tayala ndi tayala."

"Tayala la sipeyalo unaliona?"

"Ayi, ine maso anali pa foni."

Mayiwo anaimirira kuti awongole msana. Kutsogolo kwawo kunali mpanda wa malata akale, ndipo m'misana ya malatawo dzimbiri linali litatsika mizeremizere, yowongoka, yotalikirana mofanana. Anayang'ana mpandawo. Anayang'ana mtengo umene nthambi zake zinkagwetsa masamba padenga la kanyumba kawo kosungiramo katundu. Kenako anadziwomba pantchafu mpaka nkhuku inathawa.

"Mayo ine! Ndi matayala anga!"

"Anu, amayi?"

"Anga! Chaka chatha mphepo itasasula malata a kanyumbako, ndinapempha matayala otha kwa mchimwene wako kuti nditsindikize denga. Bweretsa makwerero, fulumira!"

* * *

Makwerero anali pamalo pake, kuseri kwa kanyumbako, koma atagonekedwa chozondoka, miyendo yake ili ndi dothi laliwisi. Anawaimika awiriwiri.

"Amayi, mugwa! Tiitane munthu."

"Ndiitane munthu adzandionere mlandu wanga? Gwira apo."

Anavula masilipasi n'kuyamba kukwera. Makwererowo ankadandaula pa sitepe iliyonse, mayi a mapasa akupemphera chamumtima pansi. Mutu utangotulukira pamwamba pa denga, mayi Landilodi anaseka chikhakhali chimene chinamveka mpaka kumsewu.

Pamalata panali zizindikiro zinayi zazikulu zozungulira, pomwe matayala akale anakhala chaka chathunthu. Pakati pa chizindikiro chilichonse panagona katayala katsopano, kowonda ngati ka njinga yamoto, tiubweya take ta labala tili njo, kapepala ka kusitolo kakuwala ndi dzuwa. Munthu woima pansi akanangoona zinthu zakuda padenga monga mwa masiku onse. Nzeru zinalipo, ngakhale zinali za tsiku limodzi.

Anatola kamodzi ndi dzanja limodzi.

"Thawa pansipo!"

Katayalako kanagwa, kananjanja, n'kugubuduzika kudutsa pabwalo, kutuluka pageti lotsegula, mpaka kukagunda chitseko cha takisi n'kugona pamapazi pa aSimbi.

* * *

Pamene mayiwo ankatsika, anthu anali atadzaza kale pageti. Nkhani ya mumsewu umenewu sinkafuna foni. ASimbi anali chiimire, akukayang'ana katayalako ngati njoka.

"Bambo a mapasa, tsegulani buti."

"Mayi, ndi ulemu wonse, galimoto ino ndi ya bizinesi, ndipo..."

"Tsegulani, kapena ndiitane wapolisi adzatsegule yekha."

Buti inatseguka. Dalaivala wa minibasi uja, osadikira kupemphedwa, anatukula kapeti. Pansi pake panagona tayala la sipeya, kakang'ono, kowonda, kofanana ndi kogwa padenga kaja ngati ana a mimba imodzi.

"Aaa!" anakuwa. "Aka n'kongokufikitsa kwa wokonza tayala likaphulika panjira! Mwaitanitsa timeneti tinayi, aSimbi? Kuchokera kutsidya kwa nyanja? Pa sitima?"

Kuseka kunaphulika. Wometa tsitsi anakhala pansi m'fumbi atagwira nthiti. Wina anafunsa ngati kadontho kaja kanali kakang'ono chifukwa cha katundu wake. Mayi Landilodi anakweza dzanja, ndipo pofotokoza mawu awo anali odzaza ndi chisangalalo, pakuti mpata wotere anaudikira zaka zambiri ali pabenchi la kumbuyo.

"Katundu anafika masana, inu muli nokha. Munang'amba kakona, munaona zimene mwagula. Munachotsa mkazi ndi ana panjira. Munakwera padenga langa, munatsitsa matayala akale, munaika anu. Akalewo munawapaka polishi, munawakulunga, munamata kapepala ka adiresi. Mumafuna kuti m'mawa uno, pamaso pa anthu, mlandu ugwere sitolo ya kunja, inu mutuluke ngati munthu woberedwa. Koma m'kati mwa tayala simunasuzumiremo, poopa kuda. Ndanama?"

ASimbi anatsamira galimoto. Mzere wa buluku lawo unali chiimire, koma mwini wake anali atafota.

"Sindinafune kuti zifike kwa alamu," ananena ndi mawu aang'ono. "Ndinaiwala za kamtanda. Anthu atayamba kukuwa, pakamwa panga panauma."

"Panauma pa mchimwene wanga?" Anali mayi a mapasa, ataima pageti opanda nsapato. Sanakuwe, koma kuseka konse kunazima. "Kuyambira m'mawa mwakhala m'galimotomu, mukudziwa, iye ali m'maunyolo?"

Mayi Landilodi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litayamba kupendeka.

"Zimenezo mukakambirana kunyumba. Tsitsani tinato padenga, tiike kumpando wa kumbuyo. Bambo a mapasa, lizani galimoto. Lero muthamange ngati mwanyamula wodwala."

* * *

Analowa pachipata cha polisi limodzi ndi galimoto ya bwana wamkulu, mayi Landilodi atatulutsa mutu pawindo akukuwa kuti asasaine kanthu. Anatsika katayala kali m'khwapa, masamba ouma ali m'thumba la bulauzi, nambala ya wa kavani ili m'manja. Anayala zonse pa kauntala n'kufotokoza osapuma, kuyambira pa mizere ya dzimbiri mpaka pa chitini cha polishi. Bwana wamkulu anaimbira wa kavani, anamvetsera, kenako anatembenukira kwa aSimbi.

"Ndi zoona zimenezi?"

"Ndi zoona, bwana."

Wapolisi wa m'mawa uja anapita kukatsegula chitseko cha m'kati, akupukusa mutu pang'onopang'ono.

Chigamba anatuluka wopanda nsapato, dzanja limodzi litagwira buluku m'chiuno chifukwa lamba anali atamulanda. Anayang'ana titayala tili pa kauntala, ndipo monga munthu wa ntchito yake, anamvetsa zonse asanauzidwe. Mayi Landilodi ankayembekeza kuti aseka kapena alusa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi, ndipo chisangalalo chonse chimene mayiwo anayenda nacho tsiku lonse chinawathera pomwepo.

"Alamu," anayamba aSimbi, "ndinkaopa kusekedwa. Mundikhululukire."

Chigamba analandira lamba wake, n'kumulowetsa m'malupu a buluku mosafulumira.

"Mukanabwera nato dzulo madzulo, alamu, tikanatseka chitseko. Ndikanakusekani ine ndekha, mpaka misozi. Kenako ndikanakupezerani ogula, popanda anthu a mumsewu kudziwa kanthu." Anamanga lambayo. "Koma m'mawa muja, pamene ankandimanga, ndinakuyang'anani kuti munene mawu amodzi. Inu munayang'ana kumbali."

Bwana wamkulu anatsokomola. "Bambo, munthuyu wakunamizirani ndipo wataya nthawi ya boma. Mukafuna, alowa m'mene mwatulukamo."

Chigamba anayang'ana mlongo wake, yemwe anali ataima pakhomo atanyamula nsapato zake.

"Ayi, bwana. Ana a mlongo wanga akuweruka kusukulu, akawapeze bambo awo pakhomo."

Panja aSimbi anathamangira kutsegula chitseko cha kutsogolo cha takisi, chomwe sankatsegulira munthu wa zovala za girisi, n'kuima pambali atachigwira.

"Kwerani, alamu. Ndikakutuleni kugalaja."

"Ndiyenda pansi," anatero Chigamba. "Ndikufuna anthu a mumsewu andione ndikubwera, manja ali omasuka."

Anatuluka pachipata. Mlongo wake anamutsatira osacheuka, ndipo mayi Landilodi, maondo akuwawa chifukwa cha makwerero, anatsimphina pambuyo pawo. ASimbi anatsala atagwira chitseko chija, ndipo palibe amene anakwera.